Tsiku limene dzanja langa linakana kutsika

Abusa, amayi abusa, akulu a mpingo, ndi inu nonse abale ndi alongo anga, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye Yesu. Aleluya! Zikomo.

Ndapempha kampata aka kuti ndichitire umboni zimene Mulungu wandichitira. Mundipirire. Ndikangoti zii pang'ono musachite mantha, ndikhala ndikungomeza malovu.

Kwa inu amene simundidziwa, ine ndine amake Dalitso, timakhala ku Nabvutika. Ndimagulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, pamsika. Amuna anga, atate a Dalitso, ndi awo akhala pafupi ndi zenerawo. Iwowa anayendetsa lole yonyamula thonje kwa zaka zambiri, akugona m'misewu, mpaka anakwanitsa kugula kachigayo kakale n'kukakonza. Chigayocho chinayamba kulira chaka chatha, ine ndili ndi pakati pa mwana wathu wachiwiri. Tinasangalala, abale anga. Tinati Mulungu watikumbukira mbali zonse ziwiri.

Ndinachira bwinobwino, mwana wamkazi. Koma patapita masabata angapo, china chake chinayamba kusintha mwa ine. Tulo tinathawa. Chakudya chinkangomveka ngati utuchi m'kamwa. Kenaka kunabwera mantha. Mantha opanda mwini, abale anga. Mwana akagona, ndinkaganiza kuti wasiya kupuma. Ndikamunyamula, ndinkaganiza kuti ndimugwetsa. Ndikamusambitsa, ndinkaganiza kuti amira m'beseni. Munthu akandipatsa moni, yankho linkachedwa kufika pakamwa, mwina n'kufika iye atadutsa kale. Atate a Dalitso ankati, "Amake Dalitso, mwatopa, kagoneni, mwanayu ndimugwire ine." Nanenso ndinkati ndi kutopa. Nanga mayi wa khanda satopa?

Tsiku lina mmawa ndinachapa matewera, ndi kupita kukayanika pa waya kuseri kwa nyumba. Ndinakweza dzanja kuti ndikoleke thewera. Ndinakoleka. Ndiye ndimati nditsitse dzanja lija.

Silinatsike.

Mukundimva, abale? Dzanja langa lomweli, ili, linakana kutsika. Ndimati ndisunthe mwendo, mwendo unakana. Ndimati ndiitane munthu, lilime linangoti phee pansi pakamwa ngati mwala. Ndinaima pamenepo dzanja lili m'mwamba, dzuwa likukwera, thukuta likulowa m'maso, ine osaphethira n'komwe. M'nyumba mwana anayamba kulira. Ndinkamumva. Analira mpaka mawu anasasa, ine ndili chiimire.

Mayi wina woyandikana nafe, amene timatunga naye madzi pampopi, ndi amene anandipeza. Poyamba anaseka. Anati, "Amake Dalitso, mukupemphera kapena mukuwerenga mitambo? Mwana akulira uko." Ine zii. Anayandikira, anandigwira dzanja lija n'kulikokera pansi pang'ono. Pamene analisiyira, linakhala pomwepo. Analipinda, linakhala chipindire ngati waya. Mayi uja anakuwa mokweza, anthu anathamanga kuchokera m'makomo onse.

Anthu anawaimbira foni atate a Dalitso ku chigayo. Anafika akuthamanga, ufa uli mbuu m'mutu ndi m'nsidze. Anandinyamula ngati mtengo, kukandigoneka pabedi. Ngakhale pogonapo, mutu wanga unakhala m'malere, osagunda pilo. Khosi linkawawa, koma kuti ndiutsitse mutuwo, ayi.

Iwo anafuna kuthamangira nane kuchipatala nthawi yomweyo. Koma mukudziwa mwambo wathu, mwana wa eni ukamuona wadwala chonchi, umayamba wauza eni ake. Anaimbira amayi anga kumudzi, cha ku Mtenguleni uko. Amayi anayankha kuti, "Musamusunthe. Mpaka ndifike." Anafika madzulo a tsiku lomwelo pamodzi ndi alongo anga aakulu, amene anatilera bambo athu atamwalira. Kwathu alongo angawo akalankhula, nkhani yatha.

Apa ndikufuna mumvetse chinthu chimodzi, chifukwa ndicho chandiimiritsa pano. Anthu onse ankaganiza kuti ine kulibe. Ankaona maso ali tong'o, thupi lili gwa, n'kumati munthuyu sakudziwa kanthu. Koma ine ndinalimo. Sindikunena kuti ndikukumbukira zonse, zina zinadutsa ngati nkhungu. Koma zambiri ndinkamva. Ndinkamva! Munalotapo chinthu chikukuthamangitsani, inu miyendo osanyamuka, mawu osatuluka? Inu mumadzuka, maloto n'kutha. Ine kunalibe kudzuka.

Amayi akabwera ndi phala pasupuni, njala ndinali nayo, koma mano ankalumana okha. Akakanikiza, nsagwada zinkalimbiratu. Phala lochepa limene linkalowa linkangokhala m'kamwa, kenaka n'kutsikira pachibwano. Alongo anga anandigwedeza paphewa, anati, "Iwe, lankhula!" Pakamwa panga panatseguka pokha, panatuluka mawu akuti, "Lankhula. Lankhula. Lankhula." Si ine ndinafuna kunena zimenezo. Anthu amene anali m'chipindamo anathawira panja, ena akugwetsana pakhomo.

Ndiye mphekesera zinayamba. Zinayambira kumpopi, zinafika pamsika, zinabwerera m'nyumba mwathu momwe. Akuti mkazi uja amusandutsa ndondocha. Mumadziwa zimene anthu amanena, zakuti munthu wofuna chuma amatenga m'bale wake mwamatsenga, n'kumudula lilime, kuti azimugwirira ntchito mobisika. Akuti taonani, chigayo changoyamba kumene, mkazi waleka kulankhula. Mufunanso umboni wanji?

Alongo anga anaima kumiyendo kwa bedi langa, atate a Dalitso atakhala pansi pakona. Anati, "Alamu, tandiuzani. Chigayo chija munachigula ndi chiyani?"

Atate a Dalitso anati, "Alamu, mukudziwa nokha mmene ndavutikira pamsewu."

"Ovutika pamsewu ndi ambiri, onsewo ali ndi zigayo? Amene wagona apayu si mlongo wanga. Ichi ndi chikuni chabe mwatisiyira. Mlongo wanga mwamutsekera ku chigayo chanu, akukuperani chimanga. Mubwezeni."

Abale anga, mwamuna amene mukumuona apoyo ndinamumva akulira ngati mwana. Ankangoti, "Mulungu akudziwa, Mulungu akudziwa." Ine mkatimo ndinkakuwa. Ndinkati, achimwene, mukulakwa! Munthuyu ndi amene amadzuka kundiphikira tiyi, ndi amene amachapa matewera ine ndikalephera! Ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse, koma panja sipanatuluke ngakhale kampweya. Ndinkangoyang'ana denga.

Ndiye mwana. Aa, mwana. Akalira, mkaka unkatuluka wokha n'kunyowetsa malaya. Amayi ankamunyamula n'kumuika pabere, akumugwirizira okha, manja anga ali pambali ngati a munthu wina. Ndinkamva kutentha kwa kathupi kake, koma kuti ndimusisite kumutu, ayi. Pasanapite nthawi mkaka unauma, chifukwa sindinkadya kapena kumwa. Alamu anga aakazi, mlongo wawo wa atate a Dalitso, anamutenga mwana n'kumakamupatsa mkaka wa m'chitini kwawo. M'nyumba munati zii. Bata limenelo linandiopsa kuposa kulira kuja.

Ena mwa inu munabwera kudzapemphera, Mulungu akudalitseni. Ena munandiimbira nyimbo motsitsa, ndipo nyimbozo zinkandifika ngati madzi ozizira. Ena munandifuulira m'khutu kuti chiwanda chituluke. Sindikudzudzula munthu, munachita mwachikondi, munachita zimene munkadziwa. Koma ndikuuzeni zoona, mkatimo munalibe wina. Munali ine ndekha, wamantha, ndipo kufuulako kunkandiwumitsa koposa.

Tsiku lililonse atate a Dalitso ankapempha kuti tipite kuchipatala. Amayi anga sayang'anizana ndi apongozi awo, choncho ankayankha akuyang'ana kukhoma. Ankati, "Auzeni apongoziwo kuti matenda awa si a chipatala. Munthu wolodzedwa akangomubaya jekeseni, basi wapita. Akufuna akamumalizire komweko?" Anagwirizana ndi alongo anga kuti apeze galimoto anditengere kumudzi, kwa sing'anga wina wa kuseri kwa phiri. Ine ndikumva. Ndinkadziwa mumtima kuti ndikakwera galimoto imeneyo, Dalitso ndi mlongo wake sadzandionanso.

Amayi abusa nthawi imeneyo kunalibe, anali ku maliro ku Tamanda. Ali apowo, akhoza kunditsutsa ngati ndikunama. Anabwerako mmawa wa tsiku lomwe ndinayenera kutengedwa, ndipo atangomva anabwera osayamba asintha n'zovala zomwe. Analowa, anagwada pambali pa bedi, anandigwira pamphumi. Ndinali nditayamba kutentha thupi. Milomo inali itang'ambika, lilime litauma ngati chikopa. Anafunsa amayi anga kuti, "Mayi, mwanayu wamwa madzi liti? Wataya madzi liti?" Amayi anaganiza, anaganiza, osakumbukira.

Amayi abusa anati, "Mayi, ine sindikutsutsana nanu za chimene chayambitsa. Sindikudziwa. Koma chimene ndikuona ndi maso angawa ndi chakuti mwana wanu akuuma. Kaya ndi ufiti, kaya ndi chiyani, munthu wosamwa madzi amafa. Kumudziko sakafika."

Alongo anga anaima pakhomo, atatambasula manja. Anati, "Amayi abusa, ndi ulemu wonse, iyi ndi nkhani ya pabanja. Inu pempherani basi."

Amayi abusa anati, "Tipemphera ndithu, bambo. Tipemphera tili m'galimoto."

Palibe anasuntha. Ndiye ntchentche inabwera, inatera pakona pa diso langa, n'kuyamba kuyenda. Ndinkaimva miyendo yake. Diso silinaphethire. Amayi anga anaiona. Anaiingitsa ndi nsonga ya chitenje, inabweranso. Anaiingitsanso, inabweranso. Pamenepo mayi anga anagwa pansi n'kuyamba kulira maliro enieni, akuti, "Ntchentche zayamba kale mwana wanga ali moyo! Mutengeni! Mutengeni kulikonse!"

Alongo anga anachoka pakhomo. Koma podutsa anawaloza chala atate a Dalitso, anati, "Alamu, akakafera kumeneko, inu ndi ine tidzaonana."

Galimoto yomwe ija inabwera kudzanditengera kumudzi ndi imene inatitengera kuchipatala chachikulu m'tauni muno. Madokotala atangondiona anandiika dilipi. Anatenga magazi, anayeza malungo, anayeza shuga, anafufuza ngati ndili ndi matenda oumitsa khosi kapena ngati ndachita sitiroko. Anandilowetsa kapaipi m'mphuno kodutsira chakudya. Zoyezazo zitabwera, sanapeze chimene chikanandiumitsa chonchija. Alongo anga anati, "Mwaona? Makina awo sakuona kanthu. Tinanena ife." Mtima wanga unagwa. Ndinati basi, anditulutsa.

Koma anaitana dokotala wina, wa matenda a maganizo, mayi wamfupi wovala magalasi. Abale anga, dokotala ameneyu anachita chinthu chimene ndinali nditachiiwala. Sanayambe ndi kufunsa anthu za ine. Anakoka mpando, anakhala pamene maso anga ankayang'ana, anati, "Amayi, muli bwanji? Ine ndine dokotala. Mwina mukundimva koma mukulephera kuyankha. Musadandaule. Ndigwira dzanja lanu tsopano."

Anandipatsa moni! Ngati munthu!

Anakweza dzanja langa n'kulisiya. Linakhala m'mwamba. Iye sanakuwe, sanathawe, sanaitane dzina la Yesu modzidzimuka. Anangogwedeza mutu ngati munthu amene wakumana ndi wina womudziwa panjira. Anapinda chigongono, anayang'ana khosi langa lomwe silinkagunda pilo, anafunsa atate a Dalitso mmene ndinalili masabata a m'mbuyomo. Atamva za kusagona ndi mantha aja, anatembenukira kwa onse.

Anati, "Matendawa ndikuwadziwa. Dzina lake ndi katatoniya. Si oyamba amayiwa, ndawaonapo ena, amuna ndi akazi omwe."

Amayi anga anati, "Kata chiyani?"

"Katatoniya, mayi. Kuti munthu akweze dzanja, kuti ameze, kuti alankhule, ubongo umatumiza uthenga ku thupi. Mwa mwana wanuyu uthengawo ukutsekeka panjira. Iye akufuna, koma thupi silikulandira. Si mwano, si ulesi, si kuti wafa. Zimatha kubwera munthu akadwala kwambiri matenda a maganizo, monga kukhumudwa kwakukulu kumene kumagwira amayi ena akangobereka. Zimathanso kubwera ndi matenda ena a m'thupi, n'chifukwa chake tinayamba tayeza zonse zija. Choopsa chake n'chakuti munthu amauma, magazi amatha kuundana m'miyendo, chakudya chimatha kulowa m'mapapo. Mwachita bwino kubwera naye lero. Koma mankhwala ake alipo. Ndikufuna ndimubaye jekeseni, tione ngati thupi limasuke."

Jekeseni! Amayi anga anaimirira, anati, "Ayi! Chimenecho ndiye ayi!" Alongo anga anati, "Adokotala, mukamubaya akafa, mlandu ndi wa ndani?"

Dokotala anati, "Bambo, sindingakunamizeni kuti pali mankhwala opanda chiopsezo chilichonse. Awa amagonetsa, ndipo tikhala pompano kuyang'anira kapumidwe kake. Koma chimene ndikuopa kwambiri ndi kumusiya chonchi." Ndiye anayang'ana atate a Dalitso, anati, "Inu ndinu amuna awo. Mukuti bwanji?"

Taganizani, abale anga. Munthu amene akumunena kuti wapha mkazi wake, ndiye akumufunsa kuti avomereze jekeseni imene apongozi ake akuti ndi yakupha. Koma iwo anati, "Bayani, adokotala. Zonena anthu ndizisenza ine. Bola iyeyu akhale moyo."

Anesi anabaya kudzera pa dilipi paja. Amayi abusa anayamba kupemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Amayi anga anafunda chitenje kumutu kuti asaone. Ine mantha anandigwira, chifukwa nanenso ndinakulira m'mawu omwewo akuti jekeseni imapha wolodzedwa. Ndinati, Ambuye, ngati ndikupita, ana anga muwasunge.

Tinadikira. Palibe chinachitika. Alongo anga ankayenda uku ndi uku m'wodimo, nsapato zikulira. Tinadikirabe.

Kenaka ndinamva khosi langa likufewa. Mutu unatsika pang'onopang'ono, n'kugunda pilo. Ha, kukoma kwa pilo! Zikope zinatsika, zinakwera. Nsagwada zinamasuka ngati wina wamasula mfundo. Ndinayesa lilime, linasuntha. Mawu anatuluka ang'onoang'ono, okhakhala, ngati a nkhalamba.

"Madzi."

Amayi anavula chitenje kumutu. Anesi anandinyowetsa milomo ndi kathonje, anati kumwa tidikire kaye aone ngati ndikumeza bwino. Ndinati, "Mwana ali kuti?" Atate a Dalitso anagwada pansi, anati, "Ali bwino, ali kwa alamu anu, akudya bwino."

Ndiye ndinatembenuza maso kufuna alongo anga. Anali ataima kumiyendo kwa bedi, pakamwa pali yasa. Ndinati, "Achimwene, ku chigayo sindinapiteko. Ndinali pomwepo pabedi. Ndinkamva zonse. Asiyeni atate a Dalitso."

Anatuluka panja, ndipo anandiuza pambuyo pake kuti anakakhala pansi pa mtengo atagwira kumutu mpaka dzuwa kupendeka.

Mwina mukuganiza kuti nkhani yathera pamenepo. Ayi, abale anga. Mmawa mwake ndinadzuka nditaumanso. Lilime gwa, manja gwa. Mantha amene ndinamva tsiku limenelo anaposa oyamba aja, chifukwa ndinali nditalawako kumasuka. Amayi anayambanso kulira, akuti, "Amubweza pang'ono kuti atitsanzike, amutenganso." Koma dokotala uja anafika, anandipatsanso moni, anati, "Ndinanena dzulo kuti zikhoza kutero. Mphamvu ya mankhwala yatha, matenda sanathe. Tipitiriza, ndipo tiyambanso kuchiza chimene chinayambitsa." Anapitiriza. Ndinkamasuka, n'kuumako pang'ono, n'kumasukanso. Tsiku lililonse m'bandakucha chinthu choyamba chinali kuyesa zala zanga, kuona ngati zikundimvera. Pang'ono ndi pang'ono nthawi yomasuka inatalika. Anachotsa kapaipi kaja. Ndinayamba kudya ndekha, supuni ikunjenjemera. Miyendo inali itafooka, anachita kundiphunzitsanso kuyenda, nditagwira khoma ngati mwana.

Tsiku lina ndinamufunsa dokotala uja. Ndinati, "Adokotala, ndinalakwa chiyani kuti zimenezi zindigwere? Kodi chikhulupiriro changa chinali chochepa?"

Anati, "Amayi, munthu akadwala shuga mumamufunsa kuti analakwa chiyani? Ubongo nawo ndi chiwalo, umadwala ngati chiwindi, ngati mtima."

Ndinati, "Nanga zidzabweranso?"

Sanandinamize. Anati, "Zikhoza kubweranso. N'chifukwa chake mankhwala musasiye nokha, ngakhale mutamva bwino chotani. Tizichepetsa ife, pang'onopang'ono. Mukaona tulo tathawa, mantha aja ayamba, mawu ayamba kulemera, musadikire kuti dzanja liume. Bwerani. Ndipo mukadzafuna mwana wina, tidzayambe takambirana."

Nditatuluka m'chipatala ndinapeza ku chigayo kuli zii. Anthu ankadutsa ndi matumba awo pamutu kupita kwina, kuopa ufa wa ndondocha. Atate a Dalitso ankangokhala pakhomo pa chigayo kuyang'ana msewu. Tsiku lina masana alongo anga anatulukira, atamanga thumba la chimanga panjinga, kuchokera kumudzi konse kuja, atadutsa zigayo zonse za m'njira. Anaimika njinga pamene aliyense akuona, anati mokweza, "Alamu, ndiperereni. Ndinakulakwirani pamaso pa anthu, ndabwera pamaso pa anthu." Anthu anayamba kubwerera, ngakhale si onse. Ena mpaka lero ndikamadutsa amatsinana. Ena amati, wamisala uja ndi uyo. Zimawawa, koma ndikuyenda ndi miyendo yanga, ndiye anene.

Sindikubisirani, mantha sanatheretu. Pali masiku ena ndikagwira ntchito dzanja n'kuchita dzanzi, mtima umangoti phaa, ndimati zayambanso. Ndimamwa mankhwala anga, ndimapita kukaonana ndi adokotala pa tsiku limene andiuza, ndipo ndimapemphera. Zitatu zonsezi ndimachita, ndipo sindiona kuti china chikutsutsana ndi chinzake. Amene anapatsa dokotala uja nzeru ndi Mulungu yemweyo amene anatumiza amayi abusa mmawa uja galimoto isananyamuke.

Ndiye ndikupempheni, abale anga. Mukadzaona munthu wangoti duu, osalankhula, osadya, thupi lili gwa, kapena akungobwereza mawu anu, musataye nthawi kufunafuna amene wamulodza. Musamumenye, musamutsine kuti muone ngati akunamizira, musamuthire phala m'kamwa mokakamiza. Thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo mukakhala pambali pake, samalani pakamwa panu. Mupatseni moni. Muuzeni kuti ana ake ali bwino. Mwina akukumvani. Inu azimayi anzanga amene muli ndi makanda, mukaona mtima ukulemera, tulo tikukana, uzani munthu. Si manyazi.

Chomaliza ndi ichi. Nditabwerera kunyumba, mwana wanga sanandidziwe. Anali atazolowera alamu anga. Ndikamunyamula ankalira, akudzikhotetsa, akutambasulira manja kwa azakhali ake. Ndinkamubweza, n'kupita kuseri kukalira ndekha. Ndinkati, Ambuye, mwandibwezera thupi, koma mwana wanga mwapatsa wina. Alamu anga, Mulungu awadalitse, ankabwera tsiku ndi tsiku, n'kumakhala nane pamphasa, mwana ali pakati pathu, kuti azindizolowera. Zinatenga nthawi, nthawi yaitali ndithu.

Sabata yathayi mwanayu anali akuyesa kuimirira atagwira mpando. Anaterereka, anagunda chipumi pansi. Pakhonde tinalipo ambiri, azakhali ake analipo, atate ake analipo, agogo ake analipo. Onse anatambasula manja. Iye anakwawa akulira, anadutsa azakhali ake, anadutsa atate ake, anabwera kudzakwera pamiyendo panga, n'kubisa nkhope pachifuwa panga. Ndinamufungatira. Analeka kulira.

Ndi uyu ndamubereka kumbuyoyu, wagona, sakudziwa n'komwe kuti tikunena za iye.

Zikomo abusa, zikomo amayi abusa. Zikomo inu amene munatitungira madzi, inu amene munamusunga Dalitso nthawi yonse ija. Zikomo madokotala ndi anesi, kulikonse kumene ali mmawa uno. Atate a Dalitso, zikomo. Amayi, kumbuyoko, ndakuonani mwafika, zikomo. Koma koposa onse, zikomo Yesu.

Ine ndekha sindingakwanitse kuthokoza, mawu anga ndi ochepa. Ndithandizeni, abale anga. Imirirani nonse! Azibambo, ombani m'manja. Azimayi, nthungululu zili kuti? Zimveke mpaka kumsewu uko! Mwana akadzuka musadandaule, ndimutonthoza ndekha.

Aleluya! Ameni.